Mwana akaphedwa, dzina limatuluka msanga kuposa umboni

Ndinagonapo pamaliro a mwana wophedwa m'komboni ina kuno ku Chipata. Komboniyo ndi banjalo sindizitchula, chifukwa bala lake silinapole. Mtsikanayo anali wa giredi 2. Anatumidwa madzulo kukagula mafuta ophikira pakantemba, sanabwerenso, ndipo anapezeka tsiku lachitatu m'dimba, m'mbali mwa kamtsinje. Mtembo usanatuluke n'komwe ku mochale, pamoto pamene tinakhala amuna panali patamveka kale mayina atatu: bambo womupeza, mwini chigayo amene malonda ake anakwera mwadzidzidzi chaka chimenecho, ndi agogo ena okhala okha kumapeto kwa komboni, amene ana amawathawa akakumana nawo panjira. Aliyense wotchula dzina ankayamba ndi mawu omwewo: "Ine sindikunena kanthu, koma..."

Pafupi nane panakhala atsibweni a mwanayo, eni mbumba, ndi aphunzitsi ena opuma pantchito amene ndi mkulu wa mpingo. Anakangana chapansipansi mpaka tambala analira. Atsibweniwo ankati, "Aphunzitsi, galu wamkota sakandira pachabe. Anthu onsewa angamanene munthu popanda kanthu? Tikangowasiyira a boma, sabata yamawa tidzamuona akugula tomato pa Kapata." Aphunzitsi anawasiya amalize, kenako anati, "Achimwene, nanga akakhala kuti si iyeyo? Mukamupha, wopha mwana wathu weniweni abwera mawa kudzathandiza adzukulu kukumba manda, ndipo palibe adzamufunsenso kanthu."

Onse awiri ankalira mwana mmodzi yemweyo, ndipo onse ankafuna kuti wakupha alangidwe. Anasiyana pa funso limodzi: munthu amene tikumukayikira, zoona tisanazidziwe, tiyenera kumutani? Ine ndili kumbali ya aphunzitsi, ndinene poyera. Koma atsibweni aja sanalankhule zopanda mutu. Mantha awo ali ndi kumene anachokera, ndipo wofuna kuwatsutsa ayambe wamvetsa mmene mlandu wakupha umayendera m'dziko muno, chifukwa mkwiyo wambiri umabadwira pa zinthu zimene palibe anakhalapo pansi kufotokozera banja lofedwa.

"Amugwira" ndi mawu obisa zambiri

Kwathu tikamva kuti uje ali kupolisi timangoti amugwira, basi nkhani yatha. Koma m'mawu amodziwo muli anthu osiyana. Wina watengedwa kuti akathandize pa kafukufuku, mwina chifukwa ndiye anamugulitsa mafuta mwanayo, kapena ndiye anayamba kuona mtembo. Wina wachenjezedwa kuti zimene anene zidzafika kukhoti, n'kulembedwa sitetimenti ngati woganiziridwa. Wina ndiye waimbidwa mlandu ndithu. Kuchoka pa woyamba kufika pa wachitatu pali mtunda wautali, ndipo ambiri amatsikira panjira. Ngakhale wachitatuyo, ndime 18 ya malamulo aakulu a dziko la Zambia imati ndi wosalakwa kufikira atapezeka wolakwa kapena atavomera yekha pamaso pa khoti.

Kupha mwadala ndi mlandu wa pa ndime 200 ya Penal Code, lamulo la milandu ndi zilango zake. Apolisi akasonkhanitsa zimene apeza, doketi imapita ku National Prosecution Authority, kumene DPP, mkulu wa oimba milandu a boma, ndi maloya ake amaona ngati umboniwo ungaime m'khoti. Woimbidwa mlandu amayamba waonekera kwa majisitireti, koma kumeneko safunsidwa ngati akuvomera kapena akukana. Amangomuwerengera mlandu n'kumupatsa tsiku lina, chifukwa wozenga mlandu wakupha ndi High Court yokha. Banja limene silinauzidwe zimenezi limalipira njinga kapena basi kuchokera ku Feni kapena ku Chiparamba, kufika kukhoti, kumva mlandu ukusunthidwa m'mphindi ziwiri, kubwerera kunyumba. Likapita kachitatu, kachinayi, mtima umayamba kunena kuti pali amene wadya ndalama.

Pali chinthu china chimene atsibweni aja sankachidziwa. Ndime 123 ya Criminal Procedure Code, lamulo la kayendetsedwe ka milandu, imaletsa belo kwa munthu woimbidwa mlandu wakupha. Ndiye mukaona amene anatengedwa Lachiwiri akuyenda pamsika Loweruka, nthawi zambiri zimatanthauza kuti sanaimbidwe mlanduwo: anamufunsa, analondola zimene ananena, sanapeze chomusungira. Lamulo silimalola apolisi kusunga munthu m'selo mpaka kalekale podikira kuti mwina umboni upezeka. Wosungidwa ayenera kufikitsidwa kukhoti mwamsanga. Kumasulidwa kotere sikutseka doketi. Mlandu suola, umboni ukadzapezeka adzamutenganso. N'chimodzimodzi DPP akaimitsa mlandu ndi chija amati nolle prosequi: munthuyo amatuluka, koma sanayeretsedwe, angathe kuimbidwanso.

Lamulo lomwelo lili ndi mbali yake yowawa. Popeza belo kulibe, woimbidwa mlandu molakwika amakhala pa rimandi, ku Namuseche kapena kundende ina, miyezi, nthawi zina zaka, munda wake ukumera tchire, ana ake atasiya sukulu. Tikamafuula kuti apolisi amange aliyense kuti tione kuti akugwira ntchito, katundu amene tikufuna kusenzetsa munthu ndi ameneyu.

Milandu yopha ana kawirikawiri sikhala ndi mboni yoona ndi maso, chifukwa wakupha amasankha malo opanda anthu. Chotsala ndi umboni wozungulira: amene anaoneka ndi mwanayo komaliza, mapazi, chovala, magazi, foni. Jaji mmodzi ndiye amayeza zonsezi. Mu 1977 Supreme Court inaika muyezo umene makhoti athu akutsatirabe, wakuti umboni wozungulira ungamangitse munthu pokhapokha utachoka pa kungoganizira n'kufika poti palibenso tanthauzo lina lomveka kupatula lakuti iyeyo ndiye wapalamula. Yesani mayina a pamoto paja ndi muyezo umenewu. Chigayo kuyenda bwino kuli ndi matanthauzo ambiri: mwina cha mnzake chinafa, mwina anagula injini yatsopano ndi ndalama za soya kapena za fodya. Ukalamba ndi kukhala wekha si umboni wa kanthu kalikonse.

M'dimba muja

M'mawa umene mwanayo anapezeka, apolisi asanafike, theka la komboni linali litalowa kale m'dimbamo. Amayi ena anavula chitenje n'kufunditsa mtembo, chifukwa mtima wa kholo sulola mwana kugona poyera. Wina anatola kapatapata kake n'kukapereka kwa mayi ake. Udzu wonse unapondedwa. Palibe ngakhale mmodzi anachita izi ndi mtima woipa, komabe mapazi amene akanasonyeza kumene wakupha analowera, kukula kwa nsapato yake, ndi kuti anali yekha kapena ayi, anafafanizika ola lisanathe.

Imfa yokayikitsa imagwa pansi pa Inquests Act, ndipo majisitireti, monga wofufuza za imfa, ali ndi mphamvu yolamula kuti mtembo upimidwe ngakhale abale asakufuna. Apa pamabuka mkangano wina. Ambiri amati mwana wazunzika kale, asamudulenso, timuike. M'midzi yakutali ndi mochale nthawi zambiri amaika maliro n'kuika chizindikiro pamanda, kuti dokotala akadzabwera adzafukule. Kufukula manda kwa ife ndi chinthu cholemera, ndipo sindichipeputsa. Koma kupima ndiko kumasonyeza ngati mwana anakanyangidwa pakhosi, ngati anamenyedwa, ngati anagwiriridwa, ndipo kumathandiza kudziwa nthawi imene anafera. Popanda zimenezi loya wa woimbidwa mlandu amangofunsa funso limodzi, kuti mukudziwa bwanji kuti mwanayu anachita kuphedwa, mlandu n'kuyamba kugwedera. National Forensic Act ya 2020 inakhazikitsa ofesi ya dokotala wa boma wopima mitembo ya milandu, koma akatswiri otere ndi ochepa, ndipo zofuna kuyezedwa DNA zimayenda makilomita opitirira 500 pa Great East Road kupita ku Lusaka. Kuchedwa kwina kumachokera pamenepo.

Nkhani yovuta kuilankhula ndi ya ziwalo. Mtembo ukapezeka ulibe maso, milomo kapena lilime, komboni yonse imagamula pomwepo kuti ndi zizimba, ndipo maso amatembenukira kwa amalonda. Kupha anthu chifukwa cha zizimba kulipodi. Abale athu achialubino, kuno ndi kutsidya ku Malawi, amazidziwa zimenezi ndi misozi. Koma n'zoonanso kuti mtembo wogona masiku awiri m'tchire kapena m'madzi umafikiridwa ndi agalu, makoswe, nkhanu ndi mbalame, ndipo zimenezi zimayambira pa ziwalo zofewa zomwezo. Dokotala amatha kusiyanitsa bala la mpeni ndi la mano. Khamu loimirira m'mbali mwa dimba silingathe.

Khoswe wa pamkhate

Dzina la bambo womupeza silinatuluke mwangozi. M'mayiko amene imfa za ana zimalembedwa bwino, zimaoneka kuti ana aang'ono ophedwa ambiri amafera m'manja mwa anthu a m'nyumba mwawo kapena owadziwa, osati mlendo wodutsa. N'chifukwa chake wapolisi wodziwa ntchito amayambira m'nyumba. Amafunsa mayi, bambo, womupeza, msuweni wogona pabalaza. Kwa ofedwa izi zimamveka ngati chipongwe: mwana wanga wafa, inu mukundifunsa kumene ndinali? Komabe wapolisi amene angadumphe nyumbayo chifukwa cha chisoni ndiye wamulakwira mwanayo.

Apa mwambo wathu umakokera mbali ziwiri. Kwa ife a mbumba, mkamwini ndi wobwera, ndipo chinthu chikalakwika chala chimafulumira kuloza iye. Koma wokayikiridwa akakhala wa magazi, wa m'mimba imodzi ndi mayi wa mwana, pakamwa pamatsekeka. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Akuluakulu amayamba zoti tikambirane pamudzi, ng'ombe zimatchulidwa, mboni zimaiwala zimene zinaona. Anthu omwewo amene akanatentha nyumba ya mlendo chifukwa cha mphekesera amabisa mwana wawo umboni uli poyera. Amfumu ndi anyakwawa ali ndi ntchito yaikulu yokhazika anthu pansi ndi kupereka woganiziridwa ku boma ali wamoyo, koma mlandu wa magazi suweruzidwa pabwalo la mudzi, ndipo kuubisa posinthana ndi chuma ndi mlandunso pawokha.

Ndiye pali kuweruza poyang'ana nkhope. Pamaliro paja kunong'onezana kunalipo kwakuti mayi wa mwanayo sakulira mokwanira, akungoyang'ana khoma. Anthu amalira mosiyana. Ena misozi imauma pamene ululu wafika posaneneka. Ku Australia, mu Ogasiti 1980, Lindy Chamberlain anauza apolisi kuti khanda lake la masabata 9 latengedwa m'tenti ndi dingo, galu wam'tchire wa kumeneko, pafupi ndi thanthwe la Uluru. Ambiri sanamukhulupirire. Ankati nkhope yake ndi youma, salira ngati mayi. Popeza anali wa Seventh-day Adventist komanso mkazi wa m'busa, inafala mphekesera yabodza yakuti dzina la mwanayo limatanthauza nsembe ya m'chipululu. Mu 1982 analamulidwa kukhala m'ndende moyo wonse. Mu 1986 kajekete ka mwanayo kanapezeka kufupi ndi mapanga a dingo, iye n'kutulutsidwa, ndipo mu 1988 chigamulo chija chinafafanizidwa. Zina zimene akatswiri anauza khoti kuti ndi magazi a khanda m'galimoto zinadzadziwika kuti anali mankhwala opopera m'galimoto kufakitale. Wofufuza za imfa anadzalemba mwalamulo kuti dingo ndiye anapha mwanayo mu 2012, patapita zaka 32.

Nkhani imeneyi imandiyankhira funso limene ndimalimva kawirikawiri, lakuti loya wa Legal Aid Board, bungwe la boma loimira osakwanitsa kulipira loya, angaimire bwanji munthu wopha mwana, kodi iye alibe ana? Ngati akatswiri a magazi angalakwitse chonchi, payenera kukhala wina m'khoti amene ntchito yake ndi kugwedeza umboni uliwonse kuti tione ngati uli ndi mizu.

"Wavomera yekha"

Awa ndiwo mawu amene amatseka pakamwa pa aliyense. Koma wavomera ali pati, atachitidwa chiyani? Munthu womangidwa manja kumbuyo, atazunguliridwa ndi anyamata a zibonga, amavomera chilichonse kuti ululu uleke. Atsibweni aja ankati, "Mumumenye pang'ono chabe, anena." Adzanenadi, koma adzanena zimene omenyawo akufuna kumva, ndipo akauzidwa kuti atchule anzake adzatchula aliyense amene dzina lake lafika pakamwa. Apo mayina atatu asanduka asanu ndi awiri.

Ndime 15 ya malamulo aakulu imaletsa kuzunza munthu, ndipo Zambia inalowa m'pangano la United Nations loletsa kuzunza mu 1998. Kukhoti, loya akanena kuti sitetimenti yovomera inatengedwa ndi ndodo, ndi chiopsezo kapena ndi malonjezo, jaji amaimitsa mlandu waukulu n'kuzenga kamlandu kena mkati mwake, kofuna kudziwa ngati munthuyo analankhula mwaufulu. Udindo wotsimikiza kuti sanakakamizidwe ndi wa boma. Boma likalephera, sitetimentiyo imatayidwa, ndipo ngati mlandu wonse unatsamira pa iyo, ngakhale wolakwa weniweni amatuluka. Ndodo imene inkaoneka ngati njira yachidule imatha kutsegulira wakupha chitseko.

Mtsikana wa zaka 11 wa ku Rochdale, ku England, anaphedwa mu Okutobala 1975. Apolisi anagwira Stefan Kiszko, kalaliki wa ku ofesi ya msonkho, munthu wofatsa wokhala ndi mayi ake, amene anthu ankamuona ngati wosazolowereka. Atsikana ena anamunamizira kuti anawavulira. Atafunsidwa masiku angapo popanda loya anavomera, poganiza kuti akatero amulola kupita kunyumba. Anapezeka wolakwa mu 1976, anakhala m'ndende zaka 16, ndipo anamasulidwa mu 1992 zitaoneka kuti zimene zinapezeka pa zovala za mwanayo sizikanatheka kuchokera kwa iye. Atsikana aja nawonso anavomera kuti ananama. Kiszko anamwalira mu 1993. Wakupha weniweni anadzapezeka ndi DNA n'kuweruzidwa mu 2007. Zaka zoposa 30 anali pa ufulu, ndipo mu 1976 momwemo anali atachitiranso zonyansa kamtsikana kena. Aphunzitsi aja pamoto ankanena chinthu chomwechi: dzina lolakwika likangokhazikika, aliyense amaleka kufunafuna, ndipo ana otsala m'komboni amakhalabe pafupi ndi chilombo.

Chala cha ng'anga, tayala ndi foni

Dzina la agogo aja linachokera kwa ng'anga. Wachibale wina anapita kukaombeza, anabwera ndi mawu akuti ndi mayi wachikulire wa chakumadzulo kwa nyumba. Makolo athu ankathetsa zotere ndi mwavi, wosanza wayera, wakufa ndiye mfiti, ndipo ambiri anafa chifukwa cha mphamvu ya mankhwala m'chikho, osati chifukwa cha mlandu. Witchcraft Act, chaputala 90, lamulo loyambira mu 1914, limati kutchula munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu, ndipo kugwira ntchito yolozera mfiti ndi mlandunso. Ambiri amalida lamuloli, amati ndi la atsamunda, limateteza afiti. Sindifuna kulimbana ndi munthu pa zimene amakhulupirira. Ndingopempha kuti tikumbukire amene chala chimawagwera chaka ndi chaka: nkhalamba, amasiye, odwala mutu, alendo, anthu opanda wowaimira, kapena mnzathu amene takhala tikumuchitira nsanje.

Mu Epulo 2016 ku Lusaka, anthu angapo atapezeka ataphedwa n'kuchotsedwa ziwalo, mphekesera inaloza amalonda ochokera ku Rwanda. Masitolo awo ambiri anaphwasulidwa m'makomboni, ndipo anthu awiri anatenthedwa amoyo ku Kanyama. Onse awiri anali a Zambia. Amene apolisi anadzawagwira n'kuwaimba milandu yakuphayo analinso a Zambia. Kumayambiriro kwa 2020, pa nthawi ya mantha a opopera gasi m'nyumba amene anayambira ku Chingola n'kufalikira dziko lonse, anthu makumi angapo anaphedwa ndi makamu, ena chifukwa chongofika pamalo pamene sankadziwika. Omwe anawapha anali otsimikiza mumtima, monga atsibweni aja analili otsimikiza.

Lamulo limalola munthu wamba kugwira woganiziridwa pa mlandu waukulu, koma limamulamula kumupereka kwa apolisi mosachedwa. Kupyola pamenepo ndime 22 ya Penal Code ikudikira: anthu akagwirizana pa cholinga choswa lamulo, imfa n'kutulukapo monga chotsatira chake, aliyense amayankha ngati ndiye wapha. Wobweretsa tayala, wogula petulo, woponya mwala womaliza, onse mlandu ndi umodzi. Mudzi umene unalira mwana umadzaliranso anyamata ake akupita kundende.

Lero khamu silifunanso kusonkhana pamalo amodzi. Wina amajambula woganiziridwa ali m'galimoto ya polisi, kuika pa WhatsApp kapena pa Facebook, ndipo dzuwa lisanalowe chithunzicho chafika ku Lundazi ndi ku Petauke. Akadzamasulidwa palibe amagawira mnzake nkhaniyo. Choipa china n'chakuti chithunzicho chimaononga mlandu womwewo. Mboni imene inaona munthu akuyenda ndi mwana madzulo, ikaona nkhope pafoni kakhumi, pofika pa perete wozindikira sidziwanso ngati ikukumbukira munthu wa madzulo aja kapena wa pafoni, ndipo loya adzaifunsa zimenezo pamaso pa jaji. Mlandu ukalowa m'khoti, kulankhula kapena kulemba zofuna kukhotetsa chiweruzo ndi mlandu wonyoza khoti. Woganiziridwa akakhala mwana mnzake, nkhani imalemera kuposa apa. Mu 2022 boma linakweza msinkhu woyankha mlandu kuchoka pa zaka 8 kufika pa 12, ndipo lamulo limateteza dzina ndi nkhope ya mwana amene ali pa mlandu. Za zithunzi za mtembo ndingonena chimodzi: mayi wa mwanayo nayenso ali ndi foni.

Pamene atsibweni akunena zoona

Kuuza munthu kuti aleze mtima n'kosavuta kwa iwe amene mwana wako wagona m'nyumba. Atsibweni aja anaonapo milandu ikutha zaka, mboni zikusamuka kapena kumwalira, wofufuza akusamutsidwa, banja osauzidwa kanthu. Ziphuphu nazo ziliko, palibe angakane. Munthu wotere akamati sakhulupirira njira ya boma, sakupeka. Ena amawonjezera kuti chichotsereni chilango cha imfa mu Disembala 2022, pamene Pulezidenti Hakainde Hichilema anasaina lamulo lochithetsa, wakupha alibenso choopa. Apa ndimasiyana nawo. Omaliza kunyongedwa m'dziko muno ananyongedwa mu 1997, zaka 25 lamulolo lisanasinthe, ndipo wopezeka wolakwa pa kupha mwadala lero amayang'anizana ndi ndende ya moyo wonse. Chimene chimabwezera wakupha m'komboni ndi umboni wofooka, wopondedwa m'dimba kapena wotengedwa ndi ndodo. Ndipo Kiszko akanaweruzidwa m'dziko lonyonga, chaka cha 1992 chikanamupeza m'manda.

Mkwiyo wa mwini mbumba uli ndi ntchito imene ungagwire, ndipo ndi ntchito yotopetsa kuposa kunyamula chibonga. Ndi kudziwa wapolisi amene wagwira doketi, kupitako mobwerezabwereza, kufunsa ngati zotsatira za kupima zabwera, kupempha a Victim Support Unit, nthambi ya polisi yothandiza olakwiridwa, kuti afotokozere mayi wa mwana pamene mlandu wafika. Ndi kuonetsetsa kuti amene anaona kanthu akanene yekha zimene anaona ndi maso ake, osati zimene anamva pachitsime. Mboni ikakhala mwana, asamufunse azakhali, agogo ndi aneba aliyense nthawi yake, chifukwa mwana wofunsidwa kakhumi amayamba kuyankha zokondweretsa akuluakulu. Akambe kwa oyenera nkhani isanasakanizike. Mbumba imene imatha kusonkha chimanga cha pamaliro ingathenso kusonkha ya basi kuti mboni isaphonye tsiku la khoti. Banja likaona kuti doketi yagonekedwa dala, Police Public Complaints Commission ilipo, Anti-Corruption Commission ilipo, Human Rights Commission iliponso, ndipo dandaulo lolembedwa, losainidwa ndi anthu ambiri, silitayika msanga ngati la pakamwa. Kukayikira munthu si tchimo. Mwina amene mukumukayikira ndiyedi. Dzina lakelo likafika m'khutu la wofufuza lingathe kuyesedwa, likapezeka lopanda kanthu n'kusiyidwa. Likafika pamoto wa pamaliro palibenso wolibweza.

M'komboni muja, mwini chigayo anatengedwa, anafunsidwa, anabwerako patapita masiku ochepa, chifukwa tsiku limene mwana anasowa iye anagona ku Katete ndipo analipo anthu amene anali naye. Palibe anabweranso ndi chimanga kudzagayitsa. Mvula isanagwe chigayocho chinali chitatsekedwa, injini atagulitsa. Agogo aja ana awo anabwera usiku kudzawatenga kupita nawo kumudzi, ndipo nyumba yawo inagwa denga. Ukwati wa bambo womupeza unatha. Mayi wa mwanayo ndimakumana nawo pamsika, amagulitsa repu ndi anyezi. Ndikawapatsa moni amayankha bwinobwino, amandifunsa za kunyumba, kenako amatsitsa mawu n'kufunsa ngati ndamvako kanthu.